Mchira wa Nchima ndi Buluku Langa

Mukadzafika kwa apongozi anga ku Nachisaka, mudzaona chithunzi chachikulu pabalaza, pakati pa kalendala ya mpingo ndi chithunzi cha ukwati wathu. Chonde musadzafunse kuti anajambula ndani. Mukadzafunsa adzakuuzani, ndipo adzakuuzani zonse, ndi zomwe zimene ine ndikanakonda zitaiwalika. Ndiye bola ndikuuzeni ndekha, mwina mungandimvereko chisoni.

Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi pa Madisi. Maukwati, zinkhoswe, makwaya akasoketsa yunifolomu yatsopano, zonsezo ndi zanga. Pantchito imeneyi munthu wofatsa amagona ndi njala. Umayenera kukuwa. "Akuchimuna mbali iyi! Mayi inu a duku lofiira, tsitsani chikwama! Aliyense ayang'ane kuno!" Ndimalamula ngakhale abusa, ndipo amandimvera. Pantchito ndimavala suti nthawi zonse (wojambula wovala mwachisawawa amamubweza pamzere wa chakudya).

Apongozi anga aamuna ndi aphunzitsi opuma komanso mkulu wa mpingo. Anabadwira m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, ku Dowa kuno anabwera ndi ntchito n'kukwatira konkuno. Nkhani yawo yosatha ndi ya nchima. Amati m'nkhalango ya kwawo muli nyama yonga pusi koma si pusi, yaubweya wotuwa modera, yamchira wautali wakuda, ndipo ali mnyamata ankaiona akapita kozula bowa. Adzukulu sankakhulupirira. Mwana wanga Tadala anawayankha tsiku lina kuti, "Agogo, ameneyo ndi pusi basi, kungoti sanasambe." Madalawo anaseka nawo, koma ndinaona kuti zawalowa.

Kenako maso awo anayamba kuvuta. Baibulo anayamba kuligwirira pamphuno, ndipo munthu akalowa pakhomo ankadikira kaye kuti alankhule. Kuchipatala anati mankhwala angochedwetsa, koma mdima ukubwera ndithu. Tsiku lina titapita kukawaona anandiitanira pakhonde.

"Bambo a Tadala, paja makina anu aja amakoka zakutali?"

"Amakoka, bambo."

"Ndiye mundiperekeze kwathu. M'mwamba mwa mtengo sindingaonemonso. Koma mukandijambulira nchima papepala lalikulu, ndiione pafupi maso asanazime. Tianati tisiyenso kundiyesa wabodza."

Ndinavomera mofulumira kwambiri. Ndinati munthu amene anaimikapo ana a Sande sukulu pamzere n'kuwamwetuliritsa onse sangalephere kanyama ka mumtengo.

Nditafufuza ndinamva kuti kunkhalangoko kuli anthu operekeza alendo ojambula nyama ndi mbalame, ndipo ulendo wake ndi woyenda pang'ono, kukhala pansi kwambiri. Ndinati zikhala bwino ndi miyendo ya achikulire. Apongozi aakazi anati apita nawo, chifukwa ndi iwo amene amawagwira mkono abambo pamalo okumbikakumbika. Mayi a Tadala anatsala ndi ana. Atandiona m'mawa umenewo ndikumanga tayi anafunsa, "Kodi mukupita kutchire kapena kuchinkhoswe?" Ndinawayankha kuti munthu sayenda ndi apongozi atavala kabudula.

Tinabwereka kagalimoto ka mlamu wanga n'kukwera mapiri aja. Mvula inali itangotha kumene, m'nkhalango muli chinyontho, nkhungu ikadali m'nsonga za mitengo. Wotiperekeza anali a Lakisoni, bambo wolankhula motsitsa ngati ali pamaliro. Anayang'ana nsapato zanga zonyezimira, anayang'ana tayi yofiira. Anangopempha zinthu ziwiri: tisamalankhule, ndipo fulashi ikhale yozimitsa. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wodziwa zonse, osayang'ana n'komwe kamera, imene ndinali nditaigwiritsa ntchito muholo ya ukwati Loweruka lapitalo.

Kukhala chete kunandivuta nthawi yomweyo. Titaona gulugufe wamkulu atatera patsamba, ndinakweza kamera, ndipo pakamwa panatuluka pokha kuti, "Yang'ana kuno." A Lakisoni anaika chala pamilomo. Patsogolo pang'ono mbalame ina yobiriwira inandifulatira, ine ndinaiimbira likhweru (kumaukwati zimathandiza), mbalameyo n'kuuluka. A Lakisoni anaikanso chala pamilomo, ulendo uno atatsinzina.

Tinafika pamkuyu waukulu, pansi pali nkhuyu zodyedwa theka. A Lakisoni ananong'ona kuti nchima zimabwera kudzadya pamenepo, chofunika n'kudikira basi. Panali chipika chakugwa. Anakhazikapo abambo kumapeto, kenako amayi, n'kundilozera malo otsala.

Malo otsalawo anali pafupi ndi apongozi aakazi. Sindikunena pafupi wamba ayi, ndikunena phewa kukhudza phewa. Inu amene munakwatira mundimvetsa. Chikwatirireni sindinakhalepo pamphasa imodzi ndi amayi amenewa, ndipo moni timapatsana ndili chapatali nditanjuta. Ndiye lero ndikapanikizane nawo pachipika? Ndinawomba m'manja mwakachetechete, n'kusuntha mapazi angapo. Pakati pa mizu ya mtengo wina ndinaona malo oyera bwino, opanda masamba, ngati wina wasesapo. Ndinayala mpango n'kukhalapo, ndikudzitamanda mumtima kuti ndine mkamwini woleredwa bwino. A Lakisoni maso anali kumwamba, sanaone kumene ndakhala.

Tinadikira. Abale, ine ndadikirapo akwati ochedwa kusaluni, koma kudikira kwa kutchire n'kwina. Palibe woti um'funse kuti afika nthawi yanji. Mwendo unachita dzanzi. Mimba inayamba kulira, ndipo m'nkhalango yachete mimba imamveka patali. Ndinayang'ana abambo. Anakhala mowongoka, chipewa chili pamaondo, nkhope atalozetsa kumwamba kumene sankaonako. Ankaoneka ngati mwana amene akudikira mphatso. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti ulendowu si wamasewera, ndipo ndinachita mantha kuti ndiwakhumudwitsa.

Pakakolo panayamba kunyerenyetsa. Ndinati ndi udzu.

Kenako nthambi zinagwedezeka m'mwamba, panamveka kulira kwakufupi kwamphamvu. Abambo anagwira dzanja la amayi n'kunong'ona, "Zafika. Ndi zomwezo." A Lakisoni anandilozera ndi chibwano. Ndinakweza kamera pang'onopang'ono, ndipo ndinaiona: nkhope yakuda, pakhosi potuwa, maso ofatsa ngati a munthu. Madala aja sankanama. Koma inali kuseri kwa masamba, ndipo ndinkafuna itulukire panthambi yoyera kuti ioneke yonse.

Kunyerenyetsa kuja kunafika pabondo. Kunapitirira bondo. Ndinatsitsa diso limodzi, kamera ikadali kumaso. Nsapato zanga zonyezimira zija sizinkaonekanso. Panali linthumbwi lokhalokha, mzere wake wochokera kumizu kudutsa pampango wanga. Malo osesedwa bwino aja unali msewu wawo, ndipo ine ndinali nditaukhalira pakati.

Kwa amene simunakumanepo nalo, linthumbwi silichita phuma. Sililuma kuphazi kuti uthawe msanga. Limakwera mwaulemu, mwakachetechete, kudikira kuti anzake onse afike kumene akupita. Ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, aliyense amawadziwa: kuvula.

Ndiye onani mmene zinalili. Ndikadzuka, nchima zithawa. Ndikavula, apongozi aakazi ali pomwepo, atayang'ana mbali yanga yomwe. Ndikakhala, ndidyedwa. Ndinayang'ananso nkhope ya abambo ija n'kusankha kukhala. Ndinaluma mlomo. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mumtima, koma mawu ake anandithawa pa ndime yoyamba. Thukuta linkatsika m'kolala. Ndinkapemphera kuti, Ambuye, kanyamaka kasunthe pang'ono chabe, zotsalazo tikambirana kunyumba.

Ndipo inasuntha. Inatulukira panthambi yoyera, inakhala bwinobwino, nkhuyu ili m'manja, mchira uli lende. Chithunzi chokongola chotero sindinachionepo m'galasi la kamera yanga. Ndinaika chala pabatani.

Linthumbwi nalo linali litamaliza kusonkhana.

Sindikudziwa kuti ndani anapereka lamulo, koma linaluma lonse nthawi imodzi, ndipo malo ena sindingawatchule. Ndinakuwa kuti "Mayo ine!" nkhalango yonse n'kuyankha. Chala chinadina chokha, fulashi ya ku ukwati ija inang'anima ngati mphezi, ndipo m'mwamba munangomveka phokoso la nthambi, nchima zikuthawa. Ine ndinali nditayamba kale kuvina. Ndinadumpha, ndinadzimenya m'ntchafu, ndinazungulira, kamera ikundigunda pachifuwa n'kumajambula yokha. Kenako ndinathawira kuseri kwa mkuyu n'kuchita zimene zimayenera kuchitika.

"N'chiyani? Njoka?" Anali mawu a abambo.

"Ayi," anayankha amayi modekha. "Akamwini akusintha zovala."

Nditasuzumira ndinaona amayiwo atafulatira, atadzifunditsa chitenje kumutu, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira. (Sankalira.) A Lakisoni anabwera kudzandithandiza kuzula tizilombo tija, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula mokweza, chifukwa panalibenso choti n'kuthawa. Buluku linali losavalika. Tinalikutumula, tinalimenyetsa pamtengo, koma m'misoko monse munali modzaza. Kenako ndinaona dzanja likutuluka kuseri kwa mtengo, mwini wake akuyang'ana kumbali, litanyamula chitenje chapadera chimene amayi anali nacho m'chikwama.

Ndinatsika phiri la Ntchisi nditavala jekete, tayi yofiira, nsapato zonyezimira ndi chitenje cha amayi a kumpingo. Panjira tinakumana ndi alendo ena a makamera aataliatali. Mmodzi anayamba kukweza kamera yake, a Lakisoni n'kumupukusira mutu. Bambo ameneyo Mulungu amudalitse.

Titafika pagalimoto ndinayang'ana zimene ndajambula. Masamba. Thambo. Nsapato yanga. Khutu la a Lakisoni. Chimodzi chokha chinali ndi nthambi ija, ndipo panthambipo panali mchira wokha, wakuda, wautali, wooneka bwino tsitsi lililonse chifukwa cha fulashi, mwini wake atatuluka kale m'chithunzi. Kuseka konse kunandithera. Kuluma kunali kukuwawabe, koma chimene chinandiwawa kwambiri n'choti munthu wamkulu anandipempha chinthu chimodzi chokha moyo wake wonse, ine n'kumubweretsera mchira.

Ndinanjuta ndi chitenje changa chija. "Bambo, ndakulakwirani. Ndajambula mchira wokha."

Abambo anafunsa, "Linayamba liti kukukwerani?"

"Nchima zisanafike."

"Ndiye munangokhala?"

"Ndimafuna muione, bambo."

Anapapasa mpaka anapeza phewa langa, n'kuligwira. Amayi ndi amene analankhula, akuyang'anabe kumbali. "Pachipika paja malo analipo. Ulemu wanuwo ukanakuphetsani."

Ndinakachitsukitsa papepala lalikulu monga anapemphera, n'kuchiika mufelemu. Tsiku lokapereka anachitengera pakhomo pamene pali dzuwa, anachiyandikitsa pamphuno, n'kumatsata mchirawo ndi chala kuyambira kumwamba mpaka kunsonga. Anatenga nthawi yaitali moti ndinayamba kufuna kupepesanso.

"Ndi imeneyi," anatero. "Pusi alibe mchira wotere. Tadala, tabwera udzaone."

Tadala anayang'ana. "Nanga mutu wake uli kuti, agogo?"

"Mutu wake ndinauona ndili mnyamata. Iwe ona mchirawu, zotsalazo umve kwa ine."

Ndinawalonjeza kuti tidzapitanso mvula ikadzatha chaka chinacho. Sitinapite. Mdima uja unafika msanga kuposa mmene tinkaganizira, ndipo mchira umenewo ndi chimodzi mwa zinthu zomaliza zimene anaziona bwino. Masiku ano chithunzicho sachiona, koma amadziwa pamene chili. Mlendo akangokhala pansi amachiloza ndi ndodo, n'kuyamba nkhani kuchokera patayi yofiira mpaka pachitenje. Sasiyako kanthu, ndipo chaka chilichonse linthumbwi lija limachuluka. Koma pomaliza amati, "Mwana wangayu anadyedwa wamoyo kuti ine ndione." Sanenanso kuti mkamwini. Akafika pamenepo ndimatuluka panja ngati ndikukaona galimoto.

Amayi nawo anasintha. Ndikafika, amasendera pabenchi n'kumenya pambali pawo ndi dzanja. "Khalani apa, bambo a Tadala, pansi pali linthumbwi." Ndimathokoza, ndimawomba m'manja, kenako ndimakakhala pansi chapatali monga kale. Kungoti masiku ano ndimayamba ndayang'ana kaye.