Kalata ya Chidindo ya Lufeyo Kamtedza

Mwambi mukufunsawu unayamba motere, anyamata inu, ndipo musandidule pakamwa chifukwa ine ndinalipo. Masiku amenewo ndinali mesenjala wa pakhoti, woperekera anthu masamani ndi kuitana mayina pakhomo.

Kunali kalipentala wina dzina lake Lufeyo Kamtedza, katswiri pokhoma malata koma mbuli pa china chilichonse. Anakwatira Nangondo n'kukhala pachikamwini kwawo kwa mkaziyo zaka khumi ndi zitatu. Pamalo amene apongozi anamulozera anamangapo nyumba ya njerwa, n'kuifolera bwino. Kenaka maso anayamba kuyendayenda, mpaka anagwera pa Elube, wogulitsa zitumbuwa kutsidya kwa dambo. Nayenso anamukhomera malata. Akakhala pa bawo ankadziguguda pachifuwa, amvekere, "Mwamuna wochenjera amakhala ndi mapanga awiri. Mvula ikakupeza uku, ubisala uku!"

Koma dyera silikhuta. Lufeyo anaganiza zotulutsa Nangondo m'nyumba ya njerwa ija kuti alowetsemo Elube. Anali atamva kuti kukhoti amapereka kalata ya chisudzulo, ndipo m'mutu mwake kalatayo inali ngati tsache losesera mkazi panja. Tsiku lina anatulukira kukhoti kwathu atavala jekete.

"Ndabwera kudzasudzula mkazi," anatero kwa kalaliki.

"Ankhoswe anayamba akambirana?" anafunsa kalalikiyo.

"Ankhoswe n'za anthu osaphunzira. Ine ndikufuna za boma, zokhala ndi chidindo."

Samani ndinakapereka ndine. Nangondo ndinamupeza akusenda mtedza pakhonde. Anaiwerenga mpaka pansi, n'kuipinda bwinobwino. "Mukawauze kuti ndibwera," anatero, n'kupitiriza kusenda.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza, poti nkhani ya zitumbuwa aliyense ankaidziwa. Woweruza, bambo wofatsa wa magalasi, anafunsa wodandaula chifukwa chothetsera ukwati.

"Amandiyang'ana moipa ndikachedwa kubwera, bwana."

"Mumachedwa kuti?"

"Kuntchito. Kukhoma malata."

Apo anaimirira a Chagunda, malume ake a Nangondo, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. "Bwana, malata amenewo akhala akukhomedwa zaka ziwiri pa kanyumba kamodzi ka zipinda ziwiri. Sitidziwa kuti misomali yake ndi yotani."

Anthu anafa nacho chiseko, ine n'kumakuwa kuti akhale chete pamene nanenso misozi ili mbwembwembwe. Nkhoswe ya kuchimuna, mkulu wake wa Lufeyo dzina lake Yotamu, anangoti, "Ine ndamvera kwa mesenjala. Panjira ndamupempha mng'ono wangayu kuti mlanduwu auchotse, wanditi ndine wachikale."

Woweruza anafunsa ngati awapatse mwezi woti akayanjane. Lufeyo anakanitsitsa. Nangondo anati, "Ine sinditsutsa, bwana. Ndatopa kuchapira mwamuna wa eni."

"Ukwati watha," anagamula woweruza. "Tsopano za katundu. A Kamtedza, kodi mkaziyu munamumangira nyumba kwawo monga mwambo umanenera?"

Chitsirucho chinatukula chifuwa. "Ya njerwa zootcha, bwana! Ndi manja angawa!"

"Mwachita bwino. Amuna ambiri timachita kuwalamula. Nyumbayo ndi ya mayiwa ndi ana. Inu mukatenge zovala zanu ndi bokosi la zipangizo."

"Pepani bwana, wotuluka ndani?"

"Mudzi umene mukukhalawo ndi wa yani?"

Munthu zaka khumi ndi zitatu akumwa madzi a pachitsime cha apongozi, n'kuiwala kuti ndi mkamwini! Lufeyo ndinamupatsa kalata yake ija, chidindo chili pomwepo, chofiirira bwino.

Komabe anadzilimbitsa mtima, poti phanga lachiwiri linalipo. Masana omwewo anasenza bokosi ndi mtolo wa zovala n'kuwoloka dambo. Unali mwezi wa Disembala, kumwamba kutada bii. Elube anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mtolowo n'chiyani?"

"Zovala, wokondedwa. Ndasudzula! Kalata iyi."

"Nanga nyumba ya njerwa munkanena ija?"

"Ija... yatsala kaye."

"Bambo inu," anatero Elube, "ine ndinkakukondani muli wochapiridwa kale, wodya kale. Lero mwandisenzera zakuda? Ankhoswe anga sakudziwani, ndipo ine ndilibe mlandu nanu." Chitseko chinatsekedwa, mpiringidzo gwa!

Pomwepo mvula inayamba, ija ya madontho akuluakulu. Lufeyo anathamanga kubwerera kwa Nangondo. Anamupeza pakhonde ndi ana, mvula ikulira pa malata amene anakhoma yekha, osadontha ngakhale pamodzi.

"Mayi a ana, ndingousako pang'ono."

"Werengani kalata yanuyo," anayankha Nangondo. "Si ya boma kodi? Ine sindifuna kuphwanya lamulo."

Ine ndi Yotamu tinali titabisala pakhonde la chigayo, ndipo tinamuona akubwereranso, n'kuima pakati pa dambo osadziwa kolowera. Bokosi linali pansi, mtolo uli m'matope, kalata ija atafunda kumutu. Inki ya chidindo inkatsikira pamphuno pake. Chisoni ndinalibe, ndisakunamizeni.

Yotamu anayang'ana denga la uku, nayang'ana la uko, onse awiri okhomedwa ndi mng'ono wake, kenaka anapukusa mutu.

"Mwamuona wochenjera uja?" anatero. "Mapanga awiri avumbwitsa."