Katchipu Kobiriwira ndi Apongozi Anga

Lolemba

Derek akuti katchipu kanga n'kabodza. Derek! Munthu woti sanakagwirepo n'komwe, wangoona chithunzi pagulu lathu la pafoni.

Ndilembe bwinobwino mtima ukhale pansi. Ndimatolera matchipu a poka, tozungulira tija amaseweretsa ku kasino m'malo mwa ndalama. Juga sindichita, ndine munthu wa kwaya. Ndimangowakonda basi: mitundu yake, timizere ta m'mphepete, kaliridwe kake ukawagwetsa patebulo. Ena amaweta nkhunda, ine zanga ndi zimenezi. Adzaza chitini cha mabisiketi, ndipo chitinicho chimakhala kuseri kwa huva, makina opopera fumbi aja, m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Mkazi wanga, mayi a Tadala, sakudziwa. Mkazi wa kumpingo ukamuuza kuti poka, iye amamva juga.

Kobiriwiraka ndidakagula pamsika wa zinthu zakale kuno ku Wakefield, kudziko la azungu, kwa nkhalamba ina yogulitsa mbale ndi mawotchi akufa. Kali ndi zilembo zagolide za kasino ina ya m'mphepete mwa nyanja yomwe idatsekedwa kalekale. Derek ndiye mkulu wa gulu la otolera matchipu ku Leeds. Walemba kuti: "N'kokongola, koma ndikukayika. Ubwere nako Loweruka." Ndamutulukira ameneyu. Akufuna ndigwe ulesi kuti akagule pamtengo wozizira.

Pulani: pofika Loweruka ndikhale ndi umboni wonse, ndikamutseke pakamwa anthu ake akuona. Zaka ziwiri ndili m'gulumo koma amanditchulabe "mnzathu watsopano".

Vuto ndi limodzi: apongozi. Afika sabata yatha kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera Tadala, khanda lathu. Ine ndi iwo sitiyang'anana, sitilankhulana maso ndi maso, mwambo ndi mwambo. Kumudzi n'zosavuta, umangolambalala kuseri kwa nkhokwe. Kuno masitepe ake ndi oti anthu awiri sangapatukirane.

Lachiwiri

Ndaweruka masana kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Mayi a Tadala ali kuntchito kuchipatala ku Leeds mpaka madzulo. Mpata ndi womwewu!

Zida:
- sikelo ya makeke ya mayi a Tadala
- maginito a pafiriji (abodza amawabisira chitsulo m'kati kuti alemere)
- katochi kowala buluu, koonetsa zizindikiro zobisika
- khutu langa lamanja, lamanzere silidalirika

Sikelo ikuvomereza. Maginito sakugwira. Aleluya! Tsopano kaliridwe. Katchipu kenikeni kamakhala kadongo, kamalira mouma, kuti ke! ke! Kapulasitiki kamangoti pha. Ndakagwetsa kasanu, khutu nditagunditsa patebulo. Kakuti ke. Kapena ndi tebuloli likuti ke? Limagwedera tebulo limeneli, umboni wake ngokayikitsa.

Kenaka kutsokomola pakhomo. Apongozi, khanda kumsana, nkhope atalozetsa kukhoma. Ine tsaya lili patebulo, maginito m'manja. Ndanjuta, ndawomba m'manja, ndatuluka chammbuyo. Aona chiyani? Anthu oyang'ana kukhoma awa amaona zambiri kuposa okuyang'ana m'maso.

Lachitatu

Tsiku la katochi. Kamafuna mdima, ndiye ndadzitsekera m'kachipinda ka pansi pa masitepe, mawondo ali kukhosi. Ndaunika kutsogolo, ndaunika kumbuyo. Palibe chowala. Akatswiri amati akalekale ena analibe zizindikiro zoterezi, ndiye sizikutanthauza kanthu. Ndapezeka ndikukanong'oneza: "Onetsa, mwanawe, onetsa, usandichititse manyazi."

Panja payamba nyimbo ya m'buku. Apongozi! Akhala pa sitepe yoyamba penipeni, akuimba mokweza, mavesi onse, n'kubwerezanso. Ndituluka bwanji osawakhudza chitenje? Ndakhala mumdimamo mpaka mwendo wachita dzanzi. Ndi pamene ndazindikira kuti kuwala kwa buluu kumatulukira pansi pa chitseko.

Derek walembanso: "Chonde usakatsuke. Litsiro lakelo ndiyo mbiri yake." Bwanji akundikomera mtima mwadzidzidzi? Ndafufuza. Akunena zoona: katchipu kakale ukakakwecha, wakapha. Zoona zake zikundikayikitsa kuposa bodza.

Lachinayi

Chitini chasuntha! Dzulo ndidaika kaulusi pachivundikiro. Kaulusi palibe. Matchipu onse alimo, koma kobiriwira kagona chafufumimba, ine ndimakagoneka chagada.

Oganiziridwa:
1. Mayi a Tadala. Koma akadaona, bwenzi mpingo wonse utabwera kale kudzandichezera.
2. Apongozi.
3. Derek. Sadziwa komwe ndimakhala, koma sindikumuchotsa pamndandanda.

Pakhomo pa kachipindako pawazidwa mchere. Mchere! M'nyumba ya kapeti!

Madzulo ndili pabalaza, apongozi ali kukhitchini, akulankhula ndi khanda mokweza kuti mawu andipeze: "Tadala mdzukulu wanga, bambo ako ndi munthu wabwino. Koma kunja kuno anthu amatola zinthu pofuna kulemera msanga." Tadala ali ndi miyezi inayi, wangoyankha ndi dovu.

Ndiwayankhe bwanji? Mkamwini sayankha apongozi, amadzera kwa mkazi wake. Mkazi wakeyo ndi amene sakuyenera kudziwa. Ndakodwa pawiri ngati mbewa. Mawa chitini ndipita nacho kuntchito, chikagone m'loka, kakabati kanga ka kiyi.

Lachisanu

Sindinapite nacho. M'mawa apongozi anali atakhala kale pa sitepe ija, Baibulo pamiyendo. Ndadutsa cham'mbali ngati nkhanu, manja ali zii.

Pobwera, fungo la bulitchi landilonjera pakhomo. Kukhitchini mapoto akuwala monga mwa masiku onse chibwerere iwo. Pambali pa mapoto, pakansalu koyera, matchipu anga. Onse. Ayalidwa m'mizere, akuuma. Waya wokwechera mapoto ali pomwepo, wabiriwira.

Kobiriwira kanga! Zilembo zagolide zapita. Dzina la kasino lapita. M'mphepete mwadyeka. Kayera mbuu ngati sopo wotsala.

Mayi a Tadala aima potsamira firiji, yunifolomu sanavule. "Amayi akuti mwayamba kukhwima. Akuti mumadzitsekera mumdima n'kumalankhula ndi tizinthu, moto wabuluu ukuyaka. Ndiye ativiika m'madzi amchere, atipempherera, kenaka aona kuti n'takuda kwambiri." Apinda manja. "So ndi juga kapena ufiti? Sankhani chimodzi, bambo a Tadala, I'm tired."

Ndafotokoza zonse. Dongo, maginito, Derek. Ndimayembekeza mkuntho. Iwo aseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwee. "Zaka ziwiri mukundibisira mabatani?"

Mabatani!

Ndakwiya, ndakwiya zedi, koma mkwiyo wake ndiupititse kuti? Apongozi sakalipiridwa. Ali m'chipinda chapamwamba, akuimba mopepukidwa mtima, apulumutsa banja la mwana wawo. Ndalowa m'bafa, ndatsegula mpopi kuti asandimve, ndalira pang'ono.

Loweruka

Ndapitabe. Ndikapanda kupita Derek anena kuti ndathawa. M'sitima ndakafumbata m'thumba ulendo wonse, ngati ndikuperekeza maliro.

Chipinda cha pamwamba pa bala yomwera mowa, azibambo asanu ndi atatu, aliyense ndi kabokosi kake. Ndakaika patebulo. Wina wavula magalasi. Derek wakanyamula ndi zala ziwiri. "Wachita izi ndani?" Ndati apongozi anga. Onse agwedeza mitu. Pamenepa pokha mzungu ndi Mmalawi tamvana popanda womasulira.

Wakaunika ndi galasi lake lokulitsa zinthu, nthawi yaitali. Kenaka waitana anzake. Akuti taonani timizere toyera ta m'mphepetetu. Pa kabodza amangopaka pamwamba, waya ukadutsa timachoka. Apa munthu wakwecha mpaka m'kati, koma timizere tikadalipo, talowa mpaka pamtima pa dongo. Umboni woposa uwu kulibe, akutero, kungoti palibe wamisala amene angayese njira imeneyi.

"N'kenikeni," watero Derek. "Kanali kenikeni. Ndakafunafuna zaka zambiri." Maso ake anyowa. Misozi yeniyeni kapena yopaka pamwamba? Maginito ndinasiya kunyumba.

Ndafunsa ngati kakadali ndi phindu kwa wotolera. Wandisisita paphewa, wandigulira tiyi.

Aliyense wakajambula. Sakunditchulanso mnzathu watsopano. Tsopano ndine "uja wa apongozi".

Lamulungu

Ku tchalitchi ndaimba bwino, mawu a munthu wosweka mtima amakoma. Mayi a Tadala akangondiyang'ana akumabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Ndikukayika ngati nkhaniyi ifike Lachitatu amayi a chigwirizano asanaimve.

Mayi a Tadala awafotokozera apongozi kuti si zithumwa, ndi zokongoletsa chabe. Yankho labwera kudzera kwa mayi a Tadala omwewo: akuti athokoza Mulungu, ndipo ngati ndili ndi zina zakuda ndisachite manyazi, ndizibweretsa.

Chitini chabwerera kuseri kwa huva. Sindinaikepo kaulusi. Kalondera chiyani?

Kobiriwira ndinakasiya pawindo la kukhitchini dzulo. Masana ano palibe. Ndayang'ana m'sinki, m'bini, m'thumba la jekete. Ndayamba kale kulemba mndandanda wa oganiziridwa pamene mawu a apongozi achokera pabalaza: "Tadala, uwauze bambo ako kuti kanthu kawo kaja kapeza ntchito."

Ndawerama. Kali pansi pa mwendo wa tebulo. Ndaligwedeza tebulo. Silikugwedera, ngakhale pang'ono. Kakwana ndendende.

Ndaima pakhomo la pabalaza, nkhope kukhoma, ndawomba m'manja. "Tadala, uwauze agogo kuti zikomo kwambiri."