Makoswe Oyera ndi Madzi a Bonongwe

Lolemba
Makoswe afika pa sitima! Asanu ndi mmodzi, oyera, maso ofiira. Mnzanga wa ku Lusaka akuti kwawo akufuna wothandiza mu labu, ndionetse kuti manja sanaiwale. Zaka ziwiri chitsekereni fakitale ya nsalu, ine ndili pakhonde kuwerenga magalimoto. Ntchitoyi ndikuifuna, sindibisa.

Akuti nkhawa ikakhalitsa thupi limachita dzimbiri m'kati, ndipo masamba amaletsa dzimbirilo. Choncho:
- onse ndiwasautse
- atatu a bokosi lakumanja amwe madzi a bonongwe
- atatu akumanzere, madzi okha

Lipoti lipite ku positi Lolemba likubwerali.

Lachiwiri
Ndikusinja bonongwe mumtondo, ndikusefa ndi kansalu. Mkazi wanga, Bina Mutinta, wangoima chilili. "Ndiyo zanga izo, bamuna banga." Ndamuuza kuti si ndiwo, ndi sayansi.

Kusautsa kwayamba: mabokosi opendekeka, utuchi wonyowa, wailesi pafupi.

Lachitatu
Makoswe agona tulo tofa nato, wailesi ili pakhutu. Amene sanagone bwino ndine. Kodi khoswe wankhawa amaoneka bwanji? Kabuku kanga kakuti dzimbirilo amaliona m'chiwindi. Ndiye kuti mpeni. Ndatseka kabukuko.

Lachinayi
Ndapita ku Mosi-oa-Tunya Road kukabwereka sikelo. Pobwera ndapeza utuchi wouma, mabokosi awongoka, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya motsitsa. Khoswe wonenepa kuposa onse Bina Mutinta wamupatsa dzina, akuti Ba Manija.

Chinthu cha dzina uchitumbula bwanji?

Lachisanu
Ndayeza onse. Akumanja anenepa. Akumanzere anenepanso, chimodzimodzi! Ndaunika bwino: ndevu za Ba Manija ndi zobiriwira. Iyeyo ndi wakumanzere.

Bina Mutinta sakukana n'komwe. "Mu nyumba yanga sitipasa benangu vakudya, benangu bayangana chabe. Ni nkhanza iyo."

Ndafotokoza kuti popanda omanidwa palibe chofanizira. Iye akuti ngati ndi choncho sayansi inaleredwa moipa. Ndakwiya kwambiri, mwina chifukwa amayi anga akadanena zomwezo. Kwathu mlendo wa miyendo inayi ngakhale iwiri samuonetsa mbale n'kumumana.

Loweruka
Zotsala:
- makoswe okhuta, asanu ndi mmodzi
- dimba la bonongwe lometedwa
- pepala lolembedwa mutu wokha

Ndikhoza kupeka manambala. Ndani angadziwe? Ndagwira cholembera mpaka dzuwa lapendeka. Ku fakitale sindinanamepo pa muyeso wa utoto, ndiyambe lero chifukwa cha khoswe? Mutu ukugunda kuseri kwa maso monga umachitira chichokereni ntchito.

Lamulungu
Ndalemba mizere itatu: kuti kuyesa kwalephera, kuti onse anamwa, kuti onse ali moyo. Ndikudziwa ntchito ipita kwa wina. Mtima ukuwawa, komabe kalata ipita mawa.

Pochoka ku tchalitchi Bina Mutinta wasinja bonongwe womaliza. Wadutsa mabokosi onse awiri osaima, kapu n'kuikhazika patsogolo panga.

"Aba bali bwino," watero. "Wamene avutika zaka ziwiri mu nyumba muno ni imwe. Imwani."

Ngowawa. Ndamwa wonse.