Ndinawerenga antchito Lachisanu masana

Masiku ano ndikamadutsa pamsika wa Entre Lagos ndimayenda ngati ndatumidwa. Anthu amene kale ankandiitanira chinangwa chootcha amangondiperekeza ndi maso mpaka ndikhote. Sindiwadzudzula ayi. Ndikadakhala iwo, ndikadagenda.

Zinayamba chonchi. Kunabwera kampani yomanga nkhokwe yaikulu ya katundu pafupi ndi njanji. Inalemba anthu ambirimbiri, koma ine, munthu wofika kalasi ya khumi, anandiuza kuti ndidikire ulendo wachiwiri wolemba. Kudikira, ine? (Ondidziwa akuuzani kuti ngakhale madzi a tiyi ndimawakalipira akachedwa kuwira.) Chaka chimenecho chimanga changa chinapserera ndi dzuwa, ndipo ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse.

Ndinapita kwa mlamu wanga Juliasi, purofesolo wa masamu ku sekondale.

"Alamu, anthu awa ndi a tsankho. Ndikufuna ndiwayalutse."

"Umboni muli nawo?"

"Ndili ndi maso."

"Maso anuwo safuna zambiri kuti afiire. Khalani pansi, pali masamu ake."

Anati masamuwo amatchedwa ki-kwadrado. Umatenga midzi yozungulira, kwathu kuno ndiye Entre Lagos, Chiuta ndi Amaramba, n'kuona kuti mbali iliyonse ili ndi anthu ochuluka bwanji. Pamenepo umadziwa antchito amene mbali iliyonse ikadakhala nawo zinthu zikadayenda mwachilungamo. Kenako umawerenga antchito enieniwo. Kusiyana kwake umakuchulukitsa kokha ndi kokha, n'kugawa ndi nambala yoyembekezereka ija, n'kuphatikiza zonse. Yankho likaposa nambala ya pa tabela, pepala la manambala oyerekezera, ndiye kuti sizinangochitika mwangozi. Anandikopera chiwerengero cha anthu cha boma ndi tabela yomwe.

"Koma alamu, masamuwa alibe m'bale. Ndipo muwerenge antchito onse, osati..."

Mawu otsalawo anawamva ndi njinga yanga, chifukwa ine ndinali nditakwera kale.

Tsiku lotsatira ndinakakhala pansi pa mtengo pafupi ndi geti, pamene antchito amadyera masana. Ndinatenga njere za chimanga. Wa ku Entre Lagos akadutsa, njere m'thumba lamanja. Wa ku Chiuta, lamanzere. Wa ku Amaramba, la malaya. Amene sindinamudziwe ndinkamufunsa kwawo ngati wapolisi.

Pofika kunyumba, thumba lamanzere linali pafupifupi lopanda kanthu. Nditamenya masamu pafoni, yankho linalumpha tabela ngati mbuzi yothawa khola. Ndinaona ndithu kuti ife a ku Entre Lagos tinali ochuluka kuposa muyeso wathu, koma pamenepo ndinaphimbapo ndi chala. Nzeru yanga inali yakuti ndikalankhulire anthu akunyanja a ku Chiuta, kampani ichite manyazi, ilembe anthu mwamsanga. Ndipo woyamba kulembedwa angakhale ndani, kupatula munthu wodziwa ki-kwadrado?

Tsiku la msonkhano wa kampani ndi anthu a m'midzi, antchito onse analipo. Ndinavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Dona Filomena, enjenyera woyang'anira ntchitoyo, asanamalize n'komwe moni, ine dzanja m'mwamba.

"Inu Dona, anthu a ku Chiuta anakulakwirani chiyani? Simukuwalemba! Si ine ndikunena, ndi ki-kwadrado!"

Dzinalo ndinalitchula katatu, mokweza, kuti aliyense amve kuti sukulu ndinapitako. Kenako anaimirira Che Saidi, amene kale ankandigulitsa milamba youma ya ku Chiuta, koma tsopano ndi mmisiri womanga pakampanipo.

"Achimwene, tathokoza potilirira. Koma munawerenga tsiku lanji?"

"Lachisanu masana, onse ali pachakudya!"

"Lachisanu masana," anabwereza pang'onopang'ono. "Ndiye mukadabwera ndi chimanga chanucho kumzikiti. Tinali ambiri moti nsapato zinasowa poziika."

Kumbuyo kwake kunaimirira mzere wonse wa anthu a ku Chiuta, zipewa zantchito kumutu, mano onse panja. Chiseko chake ndimachimvabe. Ine amene ndakhala ndi Asilamu chibwerereni kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ine amene Lachisanu lililonse ndimatokota kuti ogulitsa nsomba asowa pamsika, ndinaiwala kuti nthawi imeneyo anthu amakaswali!

Zikadathera pa chiseko ndikadapirira. Koma Dona Filomena sanaseke.

"Senyoro, njira yanuyi ndi yabwino. Tiyeni tiichite bwinobwino."

Anauza antchito kuti akweze manja mbali ndi mbali, nawerenga, nabwereka tabela yanga. A ku Chiuta anakwanira ndendende muyeso wawo. Koma yankho linaposabe tabela. Chifukwa chake? Malo aja ndinaphimba ndi chala. A ku Entre Lagos tinali titasefukira, a ku Amaramba ataperewera kwambiri.

"Tsankho liripodi, ndipo sitinkaliona," anatero Dona. "Ulendo wachiwiri tilemba a ku Amaramba okhaokha. Tiwaombere m'manja bambowa."

Woomba m'manja anali mmodzi yekha, mkulu wina amene anapalasa njinga kuchokera ku Amaramba. Anansi anga onse amene ankadikira ulendo wachiwiri pamodzi ndi ine anangonditembenukira. Jekete lija linalemera ngati thumba la simenti.

Kunyumba mkazi wanga anali atamva kale.

"Abambo a Rosa, anzanu akapsa mtima amaswa mbale. Inu mwaswa ntchito za mudzi wonse."

Mlamu nditamukalipira, anangoti, "Ndinakuuzanitu kuti alibe m'bale."

Patapita masiku, mkulu wa ku Amaramba uja anabweranso, mtolo wa nsomba panjinga. Anaima pakati pa msika n'kumafunsa mokweza kuti, "Amakhala kuti bambo achilungamo aja anatipezera ntchito?" Anthu anamuperekeza mpaka pakhomo panga, osati mwachikondi. Nsombazo tinadya titatseka chitseko ndi mawindo omwe.

Mpaka lero ndimanena kuti sindinaname, tsankho linalipo. Kungoti okonderedwawo tinali ife, ndipo ngakhale pakati pa okonderedwa ine sanandilembe. Mkazi wanga tsopano amandipisa m'matumba ndisanatuluke. Akapeza njere ya chimanga, amaponyera nkhuku.