Zidebe za Kutsidya

Lolemba
Andinyoza. Zaka zonsezi ndikunyamula katundu pa ngolo kuchoka pa Ulongwe kupita kutsidya kwa mtsinje, lero palibe wondifunsa njira. Korona watibweretsera alendo awiri: a Fatuma a bungwe lothandiza anthu, ndi a Mbewe, mphunzitsi wa ku yunivesite, amene akuti akufufuza kayendedwe ka katundu wa chithandizo. Zidebe zosambira m'manja, sopo, mamasiki. Zonse ndi za kutsidya, kumene kumakhala achemwali anga, Abiti Saidi. Njira akuiona pa kompyuta. Ine sukulu sindinapondeko, zilembozi ndinaphunzirira pa matumba a thonje, koma mtsinjewu ndimaudziwa ndi mapazi.

Lachiwiri
Ndaganiza. Sindiwauza kanthu. Lole yawo ikatitimira ndifika ndi ng'ombe zanga, Bulaki ndi Jamani, katundu ndiwolotsa ine, anthu onse akuona. Ndathira girisi ku mawilo. Ndachapa mkanjo.

Lachitatu
Afika pakhomo, aima patali, kukamwa kotseka. A Mbewe: "Bambo, kuchoka pano kukafika kutsidya ndi makilomita angati?" Ndati zimatengera ngati kumapiri kwagwa mvula. Akuti papepala lawo palibe polemba zimenezo. A Fatuma akuseka: "Ndinakuuzani, aphunzitsi, misewu ya kuno siimva sukulu." Koma nawonso m'dera lino ndi alendo. Akanafunsanso kachiwiri ndikanaulula. Sanafunse, ine sindinayambe.

Lachinayi
Lole yatitimira, penipeni pamene ndinkayembekezera, pamchenga woyera wooneka wouma. Powolokera pabwino ndi kumunsi, pamkuyu, pansi pake ndi thanthwe. Ndavala mkanjo, ndatulutsa goli. Jamani akutsimphina, chiboda chatupa! Ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Mkanjo ndavula.

Lachisanu
Kumzikiti takhala motalikirana ngati okwiyirana. Potuluka ndapempha ng'ombe kwa Che Yusufu. Iwo: "Iyayi, Che Mdala. Yanga ndi Bulaki wanu zinamenyana chaka chatha, mwaiwala?" Kumapiri kwada bii. Thirakitala yazula lole, loleyo yabwerera ndi zidebe zonse. Masana mtsinje wadzaza.

Loweruka
Uthenga wabwera pa foni. Kutsidya kunali maliro a mayi amene ankatsokomola. Achemwali anali m'gulu losambitsa thupi, monga amachitira nthawi zonse. Sopo analibe, kukamwa kunali pamtunda popanda mamasiki. Achemwali ndi aakulu kuposa ine, ndipo chifuwa chawo n'chofooka kale.
Ndakhala tsiku lonse pansi pa ngolo. Lachinayi madzi anali a m'mawondo. Mawu awiri okha, "dzerani pamkuyu," ndinawasunga ngati mbewu.

Lamulungu
Za kuwolotsa katundu anthu akuona zatha, Jamani sadzuka. Ndayenda wapansi mpaka kumene akukhala alendo, ndanena zonse: thanthwe lili pati, madzi amaphwa pakapita masiku angati mvula ikaleka. A Mbewe atembenuza pepala, alemba kumbuyo kwake. Afunsa chifukwa chake sindinanene kale. Kenako ati funso lawo lija silinali bwino, alikonza mogwirizana ndi anzawo a ku yunivesite. Alikonze, zithandiza a kwina.
Koma achemwali sangadikire pepala. Ndauza a Fatuma: mawa m'mawa madzi akhala ataphwa. Pakirani zidebe lero, mubweretse lole. Ine ndilowa m'madzi patsogolo ndi ndodo, dalaivala wanu atsate msana wanga.