Mbali ya Kumtsinje Sifuna Mpanda

Lolemba

Amayi anyamuka m'mawa uno kupita kwa Ndamera kukaona mkulu wanga amene wachira sabata yatha. Abwerako Lamulungu. Mawu otsiriza, atakwera kale kabaza: "Dimba langalo, iwe. Uzingothirira. Usakhudze kanthu."

Ndavomera. Kuthirira ndani sakudziwa?

Chimanga cha m'dimbamo chabereka, ndevu zayamba kuuma. Masabata awiri tiyamba kuotcha. Chaka chino ndi chokhacho chimene tili nacho pakhomo pano, poti cha kumunda chinapita ndi madzi osefukira.

Sukulu tatseka, tchuthi cha pakati pa temu. Zochita sabata ino:
1. Kuthirira.
2. Kuchonga makope a ana anga a Fomu 2.
3. Asainimenti ya kalikulasi, ya digiri yanga yophunzira ndili kwathu ino. Kutumiza Loweruka, 12 koloko masana isanakwane.

A Dokotala, amene amatiphunzitsa pa intaneti iwo ali kumtunda kutauni, akuti aliyense apeze chinthu cha pakhomo pake, achikonze ndi masamu, ajambule chithunzi. Chitsanzo chawo ndi ichi: mlimi ali ndi mpanda wautali mwakuti, munda wake uli m'mbali mwa mtsinje, ndipo mbali ya kumtsinje sifuna mpanda. Atchinge bwanji kuti malo a mkati akule koposa?

Mtsinje ndili nawo. Mpanda ulipo. Mwini wake wachokapo. Zangondikomera!

Lachiwiri

Kutentha kwa kwa Mlolo kuno, abale! Laputopu ndaikhazika pa njerwa ziwiri pansi pa mtengo wa nimu kuti izipuma. Pomwepo ndi pamene netiweki imagwira, ukakhala moyang'ana kuchigayo.

Ndayeza mpanda wa amayi ndi mapazi. Bango ndi minga, mbali zinayi, iliyonse mamita 15. Onse pamodzi 60. Mkati mwake masikweya mita 225.

Ndalemba mu pulogalamu ya masamu ija, ndadina. Gilafu yatuluka yooneka ngati chulu. Pansonga pa chulupo pali yankho: 15 uku, 15 uko, kumbuyo 30, kumtsinje osatseka. Malo a mkati 450.

Kawiri! Popanda kudula bango ngakhale limodzi! Mpiru ndi mbatata za amayi zimene zili kunja kwa mpanda, zomwe mbuzi za eni zimangodya, zonse zilowa mkati. Amayi akadzabwera adzaona kuti sukuluyi si yongotha nayo mayunitsi.

Ndawerengeranso pamanja ndi njira ya kalikulasi ya derivetivu, kuopa kunamizidwa ndi makina. Yankho lomwelo. Ndavina pang'ono, palibe wandiona.

Koma kamtima kena kakungoti, mtsinje wake uti? Ndawalembera a Dokotala. Ayankha msanga, ndi munthu wabwino: "Musadandaule mayi, mtsinjewo ndi mpanda kale."

Munthu wa madigiri atatu ameneyo. Ine ndine ndani?

Lachitatu

Ndaitana a malume, alongo awo a amayi, atangochoka kokaonjola maukonde. Ntchito yake: kuzula mbali ya kumtsinje, kukailumikiza kumbuyo, kenako kusuntha mbali ya kummwera.

Pa mbali ya kumtsinjeyo amayi anamangirirapo zinthu zosadziwika bwino:
zitini za dzimbiri khumi ndi zinayi,
mabotolo,
chivundikiro cha poto,
chitenje chong'ambika cha ukwati wa munthu amene banja lake linatha kalekale.

Zingaipitse chithunzi. Ndachotsa zonse, ndaunjika paseri pa nthochi.

A malume agwira ntchito mpaka dzuwa paliwombo. Kenako aima, ayang'ana kumadzi: "Aphunzitsi, khomo lalikululi ndi la alendo ati?"

Ndawaonetsa gilafu pafoni. Ndafotokoza za chulu ndi nsonga yake. Ayang'anitsitsa nthawi yaitali, mwaulemu ndithu. "Kompyutayo inayamba yakhalako kuno?"

Ndaseka. Iwo sanaseke. Amwa thobwa, ati takhuta, apita.

Koma mpanda ndiye wakongola, ndisaname. Wowongoka ngati wa pa bolodi.

Lachinayi

Mbuzi zisanu ndi imodzi m'dimba!

Shire watsika. Wasiya kamchenga pakati pa mathero a mpanda ndi madzi, ndipo mbuzi zangodutsa pomwepo osanyowa n'komwe. Mpiru uja ndinaulowetsa mkati kuti upulumuke watha. Chimanga chilipo, zangobudula masamba a m'munsi.

Ndathamangitsa. Ya tonde yandiyang'ana kaye isanatuluke, ikutafuna.

Ndawalembera a Dokotala kuti mpanda wa madzi uja ukumasuntha. Ayankha: "Mfundo yabwino kwambiri! Muilembe m'ndime ya zofooka za njirayi, mupezapo malikisi."

Malikisi. Chabwino.

Ndafufuza mu pulogalamu yonse, polemba mbuzi palibe. Kamchengako ndatseka ndi nthambi za minga, manja onse ali zilonda. Makope a Fomu 2 sindinawakhudze.

Ndime ya zofooka yakwana theka la tsamba. Ikumveka bwino zedi.

Lachisanu

Mapazi.

Aakulu ngati mbale ya ndiwo, zala zinayi, kuchokera m'madzi kulowa m'dimba, n'kubwereranso. Mizere inayi ya chimanga kulibe, yametedwa mpaka pansi.

Mvuu.

A malume aona mapaziwo, agwedeza mutu: "Iyi inabwera kudzangoona malo. Bwezani mpanda lero lomwe, ndi zitini zomwe. Ikamva kulira kwa chitini imabwerera."

Ndiye kuti zitini zija ndi ntchito yake imeneyo. Zaka zonsezi ine kumayesa amayi ndi osataya zinthu.

Akunena zoona, ndikudziwa. Koma a Dokotala anati pa chithunzi pazioneka tepi yoyezera, mapazi a munthu sawerengera. Tepi ili ndi mmisiri wa kusukulu kwathu, ndipo wawoloka kupita ku Bangula, abwera mawa m'mawa. Ndikabweza mpanda lero, chithunzi palibe. Chithunzi chikapanda, mayeso a kumapeto sandilola kulemba.

Tsiku limodzi lokha. Mvuu yakhuta kale, singabwere motsatizana. Ndazika ndodo zitatu kumadzi, ndapachikapo zitini zitatu. A malume angoti, "Zitatu," n'kumapita.

Kalasi ya masana pa intaneti: a Dokotala aonetsa gilafu yanga kwa anzanga onse kuti atengerepo chitsanzo. Atchula dzina langa kawiri. Ndamva kukoma mpaka m'zala. Ndakweza dzanja kuti ndinene za mvuu, laputopu yazima ndi kutentha.

Mwina zili bwino kuti yazima.

Loweruka

Yabwera ndi abale ake.

Ndafika ndi tepi dzuwa litakwera pang'ono. Zimene ndapeza:
1. Mpanda, wonse bwinobwino, bango ngakhale limodzi losathyoka. Zalowera pakhomo ngati anthu.
2. Zitini zitatu, ziwiri zophwanyika.
3. Ndowe, paliponse.
4. Mapesi asanu ndi anayi pakona, ali chiimire.

Chimanga cha amayi chatha. Mbatata zapondedwa. Ndakhala pansi m'matopemo ndalira, kulira kwenikweni kotuluka mamina. Amayi anatunga madzi ndi ndowa miyezi iwiri ndi theka, msana ukuwawa, ine ndili pansi pa nimu.

A malume afika, aona. Sananene kuti ndinakuuzani. Angotola nsonga ya tepi n'kupita nayo kukona: "Yezanitu, poti n'zimene munafuna."

30 ndendende. 15 ndendende. Ndajambula. Ndatumiza kutatsala mphindi makumi awiri.

Madzulo tabweza mpanda pamalo ake akale, mbali zonse zinayi, zitini, mabotolo, chivundikiro, chitenje cha ukwati. Tatchinga dothi bwinobwino.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, koma ulaliki sindinaumve.

A Dokotala sapuma. Malikisi afika ndili m'njira: 19 pa 20. Alemba kuti, "Ntchito yaukhondo. Mwachita bwino kujambula musanabzalemo kanthu, malo akuoneka onse." Imodziyo andidula chifukwa gilafu sindinailembe mutu.

Amayi afika 2 koloko, atanyamula masau ouma ndi nkhani za khanda. Pakhomo sanakhale n'komwe pansi, ulendo kudimba. Ine pambuyo.

Aima pampanda. Ayang'ana mkati, ayang'ana mapazi, ayang'ana maenje amene tinazulamo mitengo. Ndafotokoza zonse osabisa: 225, 450, chulu, mbuzi, tepi. Amvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye akupatsa angati?"

Ndawauza.

"Imodziyo yadyanso mvuu?"

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Alowa, athyola mondokwa wa pa mapesi otsala pakona aja, wosakhwima n'komwe, amanga m'chitenje. Kunyumba aotcha, wamkulu apatsa ine.

Mawa mbandakucha tikapempha mbewu ya mbatata kwa a malume, mwina ingagwire mvula isanabwere. Makope a Fomu 2 akadali m'chikwama.

Ndatsegula laputopu kuona mutu wa sabata yamawa, ndawerenga mokweza mosaganiza: liwiro la madzi otuluka mu thanki yobooka pansi, aliyense ayese ndi cha pakhomo pake.

Amayi adzuka, agubuduza mgolo wawo wa madzi kulowa nawo kuchipinda, akhoma chitseko, kiyi amangirira ku nsonga ya chitenje.