Alendo Osaodira

Lolemba

Kabokosi kafika. Kakuda, kofanana ndi njerwa yopserera. Kali ndi diso limodzi lobiriwira, losaphethira.

Wabwera nako ndi mmisiri wa ku Mocuba. Wakhoma mbale ya kanema padenga la loja, sitolo yathu ino, walumikiza mawaya ku kanema wamkulu. Akuti aka ndi kachitsanzo chabe, enieniwo akubwera mwezi wa mawa. Kanema wochokera mumlengalenga ndi intaneti, zonse m'kabokosi kamodzi. Mpira pomwepo, mauthenga a pa foni pomwepo. Wakwera shapa, minibasi ya kuno, wapita. Adzakatenga Lamulungu.

A patarau, abwana athu a Lazaro, atiimika awirife, ine ndi Filomena. "Loweruka ndikuitana anthu adzaone, alembetse mayina. Amene adzalongosole bwino kabokosika ndiye atsala. Loja ino sikufuna atsikana awiri. Ndipo wina asakayatse tsikulo lisanafike!"

Filomena pakamwa ndi wailesi. Ine kasitomala akafunsa mtengo wa mabatire ndimayankha mapazi ake. Ndikachotsedwa pano ndiye ku Majaua, kwa azakhali, kumunda wa chinangwa uja ndinauthawa.

Pulani yanga:
1. Masana onse akapita kukadya, kutsala ndekha n'kuyatsa mobisa.
2. Kudziwa mabatani onse a komando, kosinthira kaja.
3. Kuloweza mawu oti ndidzanene.
4. Kuyang'ana anthu kumaso. Poyamba pakhosi kaye.

Masana. Ndatseka chitseko, ndayatsa. Kanema walemba m'Chipwitikizi: Permitir convidados? Sim. Não.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, koma izi ndikuwerenga. Kulola alendo? Funso lanji limeneli! Kwathu mlendo sabwezedwa pakhomo. Ndadina Sim.

Diso lija laphethira kamodzi.

Lachiwiri

Chiperoni chatsika m'phiri la Tumbine chim'mawire. Msewu sukuoneka. Njinga zikungomveka mabelu okha, zikudutsa ngati zilibe eni.

Filomena sakukonzekera chilichonse. Akuti, "Mana, mchemwali wanga, anthu sagula bokosi, amagula mano." Wandionetsa mano ake onse.

Masana. Ndadziwa pokwezera mawu ndi potsitsira. Ndapeza mpira, nkhani, ndi azungu awiri akuphika nsomba yopanda mutu. Zikuyenda bwino!

Kenako pakona pa kanema patuluka timawu: 1 convidado ligado.

Mlendo mmodzi walowa.

Chitseko n'chotseka, mpiringidzo ndaika ndekha. Ndasuzumira kuseri kwa kauntala: palibe. Pansi pa shelefu ya mawailesi: mphemvu yakufa. Kuseri kwa firiji yosagulidwa ija: fumbi.

Ndati chapansipansi, "Mwaswera bwanji?"

Zii.

Munthu wabwino amaodira. Uyu sanaodire. Komabe ndine ndinavomera, ndiye ndi mlendo wanga. Ndamuikira mpando ndi kapu ya madzi pafupi ndi kanema, asakanene kwawo kuti m'loja muno mulibe mwambo.

Nthawi yotsegula itayandikira timawu tija tazimiririka. Madzi atsika pang'ono. Kapena ndinathira ochepa.

Mawu oloweza: sindinayambe. Pamaso pa mlendo?

Lachitatu

Anayi. Ndisanakhale n'komwe pansi, asanu ndi mmodzi.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa akuchita kuitanizana.

Mipando ilipo iwiri yokha. Ndawonjezera kireti ya mabotolo ndi katoni ya mafani. Makapu atha, ndathira madzi m'chivindikiro cha fulasiki.

Ndadina pa timawu tija mwangozi, patseguka mndandanda wa mayina awo:
- Atatu akutchedwa Desconhecido. Wosadziwika. Onse atatu dzina limodzi!
- Wina ndi zilembo ndi manambala okhaokha, ngati dzina la mankhwala a mbewu.
- Wina Rei da Estrada, mfumu ya msewu.
- Wina Sindifuna Zoyankhula.

Womalizayu ndamumvetsa.

Ndaimirira kuti ndiyese mawu anga. Ndati, "Takulandirani, abambo ndi amayi, kabokosi aka…" Pompo kukhoma la kumbuyo kwamveka kuseka. Kwapansipansi, kwa amuna. Khoma limenelo lilibe zenera. Kuseri kwake kuli chinyumba chakugwa cha nthawi ya atsamunda, chomera mitengo m'kati. Sindinapiteko chibwerere m'tauni muno, ndipo sindikufuna.

Ndakhala pansi. Ndagwira pakamwa.

Kusekako kutatha kwamveka kwaya, mawu ang'onoang'ono ngati oimbawo atsekeredwa m'chitini. Nyimbo ya pamaliro. Yaduka pakati, yayambiranso, yadukanso pomwe paja.

Ndinkafuna malo opanda anthu oti ndiphunzirire kulankhula. Tsopano ndikuchita manyazi ndi anthu osaoneka.

Madzulo a patarau afunsa, "Kireti iyi ikutani pakati pa loja?" Ndati ndimasesa. Bodza loyamba sabata ino. Lachiwiri, ukawerengera kuyatsa.

Lachinayi

Chiperoni sichikuchoka. Zovala zonse zikununkha chinyontho.

Ndinati lero sindiyatsa. Ndayatsa. Loweruka ndi mkucha, ndipo batani la intaneti sindinalidziwe.

Khumi ndi mmodzi.

Ndatsegula mndandanda kuti ndione ngati Sindifuna Zoyankhula wabwera. Wabwera. Pansi pake pali dzina latsopano.

Alberto Carregador.

Komando yagwa m'manja, mabatire n'kugubudukira pansi pa firiji.

A Alubeto, onyamula katundu pa malire. Anamira mu Ruo dzinja lathali, thumba la chimanga lili pamutu. Kumaliro kwawo ndinaliko. Dothi ndinaponya ndi dzanja langa ili. Ankabwera muno kudzatchajitsa foni, n'kumandiseka, "Mwana wachete, lero tilankhula kapena mawa?"

Ndiye abwera kudzamva yankho?

Pambali pa dzina lawo pali batani: Bloquear. Kutsekereza. Chala ndachiika pamwamba pake. Koma kupirikitsa malemu? Azakhali amati mzimu ukaukaniza pakhomo umakutsata mpaka pamphasa. Ine ndimagona ndekha m'kachipinda ka lendi. Bola azikhala kuno kuntchito.

Ndachotsa katoni, ndawaikira mpando weniweni, wotsamira uja. Ndi akuluakulu.

Ndati, "Pepani a Alubeto, ndadzuka bwino, kaya inu." Kenako ndaganiza kuti funso limenelo silinayenere.

Kanema nayenso wayamba zake. Mayi wowerenga nkhani waima kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka. Pamphumi pake kamkombero koyera kakungozungulira, kuzungulira, kuzungulira. Akayenda pang'ono, waimanso. Dzana sankatero. Alendo akachuluka, iye amauma.

Nanenso ndikanakhala iye ndikanauma.

Lachisanu

Pulani yatsopano:
1. Kuuza munthu.
2. Madzi odalitsa.
3. Mchere.
4. Mawu oloweza, ngati ndikhala ndi moyo.

Kuuza a patarau sindingathe, afunsa kuti wayatsa ndani. Ndayesa Filomena tikupukuta mashelefu. Ndinakonza zambiri m'mutu, koma pakamwa patuluka izi zokha: "M'kabokosi muja muli anthu."

Waseka mpaka kugwira kauntala. "Ndiye kanemayo ameneyo, mana! Ku Majaua munkaonera chiyani, mbuzi?"

Basi. Nambala wani yatha.

Madzi odalitsa ndatunga kutchalitchi m'mawa, m'kabotolo ka mafuta odzola. Mmisiri anati kabokosi kasakhudze madzi, ndiye ndawaza mozungulira, khoma la kumbuyo kawiri. Mchere ndathira pakhomo.

Masana. Khumi ndi asanu ndi anayi!

Madzi odalitsa akuwakonda.

A Alubeto afika oyamba. Kukhoma lero kulibe kwaya, kuli mwana wakhanda akuseka, kuseka komweko kubwereza kasanu, ndi amuna akumuyankha. Kenako wina wafuula, "Goooo!" Mpira ndinali ndisanatsegule n'komwe.

Makapu sindinaike. Sangakwane. Ndangoika ndowa pakati ndi chikho chimodzi.

Ndaima pakona, ndanong'oneza mawu anga ku firiji. Ndafika pa "kanema ndi intaneti pamodzi" osalakwitsa. Firiji yokha ndiyo ndikutha kuiyang'ana kumaso.

Madzulo a patarau aponda mchere. Ayang'ana pansi, ayang'ana ine. Ndati ndi za nyerere. Bodza lachitatu.

Loweruka

Dzuwa latuluka. Anthu a kumsika adzaza loja mpaka pakhonde: amalonda a ku Muloza, amayi a nyemba, aphunzitsi awiri, akabaza ataimika njinga zawo mumsewu. Kope lolembamo mayina lili pa kauntala, cholembera chomangidwa ndi ulusi.

A patarau avala jekete. Akuti ayambe Filomena.

Mano onse panja. "Abale anga, dziko lonse lalowa m'Milange lero!" Anthu aombera m'manja. Wayatsa. Mpira waoneka, wokongola, udzu wobiriwira ngati mpunga wa kudambo.

Ine ndikuyang'ana pakona. Asanu ndi atatu. Khumi ndi asanu. Makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Sanachulukepo chonchi.

Wosewera waima mwendo uli m'mwamba. Kamkombero kayamba kuzungulira pamimba pake. Mawu a wolengeza akoka ngati ng'ombe yodwala, kenako zii.

Munthu wina kumbuyo: "Dziko lonse lija lafa?"

Filomena akudina mabatani onse, akusekabe, thukuta lili kamukamu. Wadina pakona paja. Mndandanda watseguka, zilembo zikuluzikulu, kanema yense.

Mphunzitsi mmodzi, pofuna kuthandiza, akuwerenga mokweza. "Alendo amene alowa. Wosadziwika. Wosadziwika. Mfumu ya msewu. Alberto Carre…"

Sanamalize.

Mayi wina wa nyemba wakuwa, "Mayo ine, mlongo wanga!" Lichero m'mwamba, nyemba pansi ponse. Anthu akuterereka pa nyembazo, akukanirira pakhomo. Filomena waponya komando, walumpha kauntala, siketi ili m'manja. Ndamumva ali kale pamsewu: "Malemuyo anandifunsira, ine n'kumuseka! Wandilondola!"

Pakona nambala ikutsika. Makumi awiri. Khumi ndi awiri. Asanu. Mmodzi. Palibe. Mizimu nayo yathawa.

Mpira wayambanso kuyenda bwinobwino, m'loja mopanda anthu.

Ndatsala ine ndekha, osati chifukwa cha kulimba mtima. Ndangoima pomwe ndinali.

A patarau asuzumira pazenera, ali panja. "Iwe, ukudziwapo chiyani pa zimenezi?"

Ndawayang'ana kumaso, koyamba chiyambire ntchito. Ndati, "Amabwera masana okha, patarau. Savuta."

Achita chizindikiro cha mtanda. Sanafunsenso za woyatsa.

Olembetsa mayina: palibe.

Lamulungu

Misa itatha ndapita kukatsegulira mmisiri. Makiyi a patarau andipatsira kutsidya kwa msewu, atatambasula dzanja.

Mmisiri wadinadina, wapukusa mutu. "Ndani anatsegulira alendo popanda senya? Popanda mawu achinsinsi aliyense wa foni amene ali pafupi amalowa n'kumakoka intaneti. Bokosi lingayende bwanji?" Ndayang'ana nsapato zake. Wakulunga kabokosi, wakwera shapa.

Zotsalazo andiuza amake Zita, ogulitsa mandasi pakona, akuseka mpaka misozi. Akabaza amapumira m'chinyumba chakugwa chija masana, amake Zita amakawagulitsa mandasi komweko. Sabata yonse akhala akuonera mavidiyo aulere, kuitanizana. Foni ya malemu ili ndi mlamu wawo, a Dinisi, amene sadziwa posinthira dzina. Dzulo anali m'gulu lomwelo, ndipo pothawa anatsogola ndi iwo. "Usauze munthu, mwanawe, anyamatawo akuopa a Lazaro."

Ndiuze ndani? Ndikanena, zibwerera kwa amene anayatsa n'kuvomera.

Filomena watumiza mawu kuti m'loja muno sadzapondamonso, kapulana yake yotsala, chitenje chija, ndiotche. A patarau akuti, "Utsala iweyo. Ukudziwana nawo." Mabokosi enieni akafika, woyatsa ndine, lililonse, iwo ali kunyumba.

Ndiye ntchito ndaipeza. Ku Majaua sindipita. Kutchalitchi benchi yanga inali ndi malo ambiri mbali zonse ziwiri.

Ndikutseka chitseko, pakhonde paima mayi wachikulire wovala zakuda, nsapato zili m'manja. Wagwada pang'ono. Kundigwadira ine!

"Ndinu mumayang'anira bokosi lija? Mundilembe dzina, likabwera ndikufuna langa. Bambo a kunyumba anatisiya chaka chatha osanena kumene anaika mapepala a munda."

Ndatsegula pakamwa kuti ndilongosole. Ndayesetsa ndithu. Patuluka mpweya wokha.

Afunsa, "Kodi akabwera amayankha?"

Ndati mpaka pano ayi.

"Palibe kanthu, mwanangu. Ali moyo sankayankhanso."

Ndatsegula kope, ndalemba.